Magazi a ku Supai: lipoti la kafukufuku wa shuga amene anakathera kukhoti

Mudzi wa Supai uli pansi penipeni pa chigwa cha Havasu, nthambi ya Grand Canyon, m'chigawo cha Arizona ku United States. Msewu wa galimoto umathera pamwamba, pamalo otchedwa Hualapai Hilltop. Kuchoka pamenepo munthu amatsika wapansi makilomita pafupifupi 13, apo ayi akwere hatchi kapena helikopita. Ngakhale makalata amatsika pamsana pa nyulu. Eni mudziwu ndi anthu a mtundu wa Havasupai, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka, ndiye kuti anthu amene anali m'dzikolo azungu asanafike. Pa nthawi ya nkhaniyi analipo pafupifupi 650 basi.

Kuti zotsatirazi zimveke, tiyambe ndi nthaka. Mu 1882 boma la United States linawapanikiza pa maekala 518 a pansi pa chigwa, ndipo zinatenga mpaka 1975 kuti nyumba ya malamulo iwabwezere maekala pafupifupi 185,000 a kumtunda. Iwo amakhulupirira kuti mtundu wawo unayambira m'chigwa momwemo ndipo unapatsidwa udindo wochisamalira. Ndiye wina akayamba kufunsa kumene anachokera, iwo amamva kuti akufunsidwa ngati malowo alidi awo.

Zimene zinachitika

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 matenda a shuga anali atafika povuta ku Supai. Anthu ankadulidwa miyendo, ena ankasamuka m'chigwa kuti akhale pafupi ndi makina osefa magazi. Mu 1989 ena mwa iwo anapempha thandizo kwa John Martin, katswiri wa chikhalidwe cha anthu pa Arizona State University, yemwe ankamudziwa kuyambira m'ma 1960. Martin anabweretsa mnzake Therese Markow, katswiri wa majini, ndiye kuti tizinthu ta m'maselo a thupi timene munthu amatengera kwa makolo ake. Funso linali lomveka: kodi pali china m'majini a anthuwa chimene chikuchititsa kuti shuga awagwire chonchi?

Kuyambira 1990 mpaka 1994 anthu oposa 200 anapereka magazi. Pafupifupi 100 mwa iwo anasaina fomu ya m'Chingerezi, yomwe inati cholinga ndi kufufuza zimene zimayambitsa matenda a m'thupi ndi a khalidwe. Ena anangofotokozeredwa pakamwa. Zimene anthu anamva m'mudzimo, ndiponso zimene khonsolo ya mtundu inavomereza, zinali za shuga. Kafukufuku wa shugayo sanapeze mgwirizano wa majini umene ankaufunafuna, ndipo anazilala.

Magazi sanazilale nawo. Anakhalabe mufiriji, ena anatumizidwa kwa ofufuza a m'mayunivesite ena, ndipo anagwiritsidwa ntchito pofufuza matenda a maganizo a schizophrenia, kukwatirana pachibale, komanso njira imene makolo a eni nthaka a ku America anadzera pochokera ku Asia kudutsa ku Bering, pakati pa Siberia ndi Alaska. Zonse zitatuzi ndi nkhani zoyaka moto kwa a Havasupai. Ziwiri zoyambazo zimapaka mtundu wonse chitonzo, yachitatuyo imatsutsa mbiri ya chiyambi chawo.

Mu 2003 Carletta Tilousi, mayi wa mtunduwu amene nayenso anapereka magazi, anakakhala nawo pamene wophunzira wina ankateteza kafukufuku wake wa digiri ya PhD pa yunivesiteyo. Atamva kuti ntchitoyo inachokera m'magazi a anthu akwawo, anafunsa ngati panali chilolezo chochitira zimenezo. Chaka chomwecho khonsolo ya mtundu inaletsa ogwira ntchito a yunivesiteyo kuponda m'dera lawo, ndipo yunivesite inalemba anthu apadera kuti afufuze. Mu 2004 milandu inalowa kukhoti. Markow anakana kuti analakwa, ponena kuti mawu a pafomu anali otakata mokwanira. Yunivesite inawononga madola pafupifupi 1.7 miliyoni podziteteza. Mu April 2010 akuluakulu oyang'anira mayunivesite a boma ku Arizona anavomera kupereka madola 700,000 kwa anthu 41, kubweza magazi otsala, ndi kuthandiza pa maphunziro ndi zaumoyo. Anthu a ku Supai anapita okha ku labotale kukatenga magaziwo, akupemphera ndi kuimba nyimbo zawo. Mwa amene anapereka magazi, ena anali atamwalira kale.

Popeza nkhaniyi inatha mokambirana, panalibe chigamulo chomaliza cha khoti chonena ngati chilolezo chija chinali chokwanira. Funsolo linatsalira ife ochita kafukufuku.

Pamene zinathyokera

Ambiri akamafotokoza nkhaniyi amathera pa fomu, n'kunena kuti ikanalembedwa bwino zonse zikanayenda. Fomuyo inalidi yoipa. Mawu akuti matenda a khalidwe ali ngati thumba lopanda pansi: chilichonse chimalowamo. Munthu amene Chingerezi si chilankhulo chake choyamba, atauzidwa pakamwa kuti ndi za shuga, sangaganize kuti akuvomereza zoti aunikidwe ngati banja lake lili ndi misala. Lamulo losavuta n'lakuti ngati zimene zanenedwa pakamwa n'zopapatiza kuposa zimene zalembedwa, chilolezo chenicheni ndi chopapatizacho.

Koma ngakhale fomu ikanakhala yabwino, vuto lalikulu likanatsala. Ndondomeko zotetezera otenga nawo mbali zinamangidwa poganizira munthu mmodzi: kodi wavomera, kodi dzina lake labisidwa, kodi thupi lake livulala? Malamulo a ku United States a nthawi imeneyo ankaona masampulo ochotsedwa mayina ngati osafunikanso chilolezo chatsopano. Tsopano taganizirani pepala la sayansi limene labisa mayina onse koma pamutu pake latchula mtundu wa anthu 650 okhala m'mudzi umodzi. Palibe amene wabisika. Mwana wobadwa zaka khumi pambuyo pake, yemwe sanapereke dontho limodzi la magazi, amasenza nawo zimene pepalalo lanena. Chovulala ndi gulu, ndipo gululo silinali ndi mpando pamene ankagamula.

Palinso nkhani ya ulendo wa magazi eniakewo, imene anthu osagwira mu labotale saiganizira. Kabotolo kamodzi ka mamililita 10 sikakhala kamodzi kwa nthawi yaitali. Kakafika, amakazunguza pa makina n'kulekanitsa madzi a magazi ndi maselo. Gawo lililonse amaligawa m'timachubu ta mililita imodzi kapena awiri, amatimata nambala, n'kutiika mufiriji yozizira madigiri 80 pansi pa ziro. M'maselo oyera amachotsamo DNA, imene imasunga majini, nayo n'kuigawanso. Choposa apo, maselo oyera angathe kusinthidwa ndi kachilombo ka Epstein-Barr kuti azingoswana mu labotale mpaka kalekale. Zikatero, magazi a munthu mmodzi akhoza kupezeka m'mafiriji a mayunivesite asanu. Wofufuza akasamuka ntchito amanyamula bokosi lake. Mnzake akapempha timachubu makumi awiri, amamutumizira mwaubale. Ngati palibe kaundula, pakatha zaka khumi palibe amene anganene motsimikiza kuti zonse zili kuti.

Zimenezi sizinachitikire a Havasupai okha. M'ma 1980 anthu a mtundu wa Nuu-chah-nulth a pachilumba cha Vancouver ku Canada anapereka masampulo 883 kuti afufuzidwe za nyamakazi, yomwe inkawasautsa kwambiri. Wofufuzayo, Richard Ward, anasamuka nawo kupita ku Utah kenako ku Oxford, ndipo anawagwiritsa ntchito pofufuza chiyambi cha mitundu. Eni ake anadziwa cha m'ma 2000, magaziwo anabwerera mu 2004, ndipo mtunduwo unakhazikitsa komiti yakeyake yowunika kafukufuku. Nkhani ziwirizi zikufanana ngati mapasa: matenda enieni, pempho lochokera kwa anthu, funso loyamba losayankhidwa, kenako magazi kuyenda okha.

Kachitidwe koyenera, kuyambira pakhomo

Malamulo ndi ndondomeko zilipo tsopano. Chikalata cha United Nations cha ufulu wa eni nthaka cha 2007, mu ndime 31, chimati iwo ali ndi ufulu wolamulira chuma cha chikhalidwe chawo, nzeru zawo, komanso majini awo. Ku Canada mitundu ya eni nthaka yotchedwa First Nations ili ndi mfundo zotchedwa OCAP, zonena kuti uthenga wotoleredwa pakati pawo ndi wawo, amaulamulira, amaupeza akaufuna, ndipo amausunga. Mutu 9 wa malamulo a kafukufuku a dziko la Canada, TCPS 2, umafuna kuti wofufuza agwirizane ndi mtundu. Ku United States mtundu wa Navajo uli ndi bungwe lake lowunika kafukufuku ndipo mu 2002 unaimitsa kafukufuku wa majini m'dera lake. Anthu a mtundu wa San ku South Africa anatulutsa malamulo awo mu 2017, omangidwa pa ulemu, chilungamo, kunena zoona, chisamaliro, ndi kutsata njira yake. Malemu Andries Steenkamp, mmodzi wa atsogoleri awo, ankakonda kunena kuti wofufuza alowere pakhomo, osati pazenera.

Pakhomo pamayambira ntchito isanalembedwe. Wofufuza amene amafika ndi pulani yomalizidwa, ndalama zitatuluka kale, n'kupempha kalata yovomereza, sakukambirana, akupempha chidindo. Ulendo woyamba uzikhala wokamva chimene anthu akufuna kudziwa, ndipo funso la kafukufuku lilembedwe limodzi. Izi zimadya miyezi, nthawi zina chaka, chifukwa khonsolo ili ndi kalendala yake ndipo nkhani yanu si yoyamba pa mndandanda. Nthawi imeneyi iziwerengeredwa mu pulani ndi mu bajeti, pamodzi ndi ndalama za maulendo, omasulira, malipiro a anthu a m'deralo amene adzagwire ntchito, ndi ulendo womaliza wokabweza zotsatira. Ulendo womalizawu ndi umene umadulidwa ndalama zikachepa, choncho uikidwe pa mzere wakewake.

Kenako pakhale pangano lolembedwa pakati pa mtundu ndi yunivesite. Lisainidwe ndi yunivesite, osati wofufuza yekha, chifukwa wofufuza amasamuka, amapuma ntchito, amamwalira. Panganolo litchule funso la kafukufuku m'mawu opapatiza, ndipo litchulenso poyera zimene sizidzachitika. Pa nkhani ngati ya ku Supai mzerewo ukanati magaziwa ndi ofufuzira shuga, sadzagwiritsidwa ntchito pa matenda a maganizo, pa ubale wa m'mabanja, kapena pa chiyambi cha mtundu, ndipo sipadzapangidwa maselo oswana mpaka kalekale. Funso latsopano lililonse, ngakhale looneka laling'ono, libwerere ku khonsolo. Ku Canada, Laura Arbour ndi Doris Cook anapereka lingaliro lothandiza kwambiri pano: DNA ikhale ngati chinthu chobwereka. Mwini wake ndi wopereka ndi mtundu wake, wofufuza ndi wosunga chabe. Chobwereka sumabwereketsa wina mwini wake asanamve.

Fomu ya munthu payekha imabwera pambuyo pa panganoli, ndipo chimodzi sichilowa m'malo mwa chinzake. Khonsolo ikavomera, munthu akadali ndi ufulu wokana, ndipo otolera masampulo aziuzidwa kuti asamanene kuti atsogoleri avomera kale ngati njira yomukankhira. Fomu imasuliridwe ndi munthu mmodzi, wina amene sanaone yoyambirira aibwezere m'chilankhulo choyamba, kenako ziwirizo zifananizidwe. Pamene zasiyana ndi pamene pali mawu opanda tanthauzo m'chilankhulo cha anthuwo, ndipo kawirikawiri amakhala mawu ngati majini, kusunga, kapena kugawana uthenga. Mafunso aikidwe padera, lililonse ndi inde kapena ayi wake: kutenga magazi, kuwasunga kafukufuku akatha, kuwatumiza ku labotale ina, kubweranso kudzafunsa za kafukufuku wina. Musanapereke cholembera, m'pempheni munthuyo afotokoze m'mawu ake chimene chichitike ndi magazi ake. Akati ndi za shuga basi pamene fomu ikunena zambiri, ndiye kuti chilolezo sichinapezeke.

Funsaninso chimene magazi, tsitsi, kapena mawu ojambulidwa amatanthauza kwa anthuwo. Kwa a Havasupai magazi ndi gawo la munthu, ndipo kukhala kwake mufiriji yakutali mwini wake atamwalira ndi chinthu chopweteka. Wofufuza sakufunika kukhulupirira zimenezi kuti azilemekeze. Akungofunika mzere m'pangano wonena chochita ndi sampulo ya munthu amene wamwalira, ndi njira yoti banja lidziwitse labotale.

Kaundula wa masampulo

Apa m'pamene ntchito yeniyeni imagona, ngakhale ndi yosasangalatsa. Kachubu kalikonse kakhale ndi mzere wake: nambala, sampulo imene kachokera, tsiku, kuchuluka kwake, firiji, shelefu, bokosi, ndi malo ake m'bokosi. Aliyense wotulutsa kachubu alembe dzina, tsiku, ndi ntchito yake. Palibe chotuluka m'nyumbamo popanda pangano lotumizira masampulo lomwe labwereza zoletsa zonse za pangano lalikulu, losainidwa ndi yunivesite yolandira, ndipo mtundu utavomera. Kamodzi pachaka munthu wosankhidwa ndi mtundu aone kaundulayo n'kutsegula mabokosi angapo kuti atsimikize kuti zolembedwa zikugwirizana ndi zimene zili mufiriji.

Zimene zimasokoneza kaundula n'zodziwika. Firiji ikawonongeka usiku, anthu amasamutsa mabokosi mothamanga ndipo palibe amene amalemba. Wophunzira akamaliza digiri amasiya timachubu tolembedwa ndi zilembo zimene amazidziwa yekha. Kiyi yolumikiza nambala ndi dzina ikatayika, munthu wofuna kuchotsa sampulo yake sangathandizidwe, chifukwa palibe akudziwa kuti yake ndi iti. Ndiye kuchotseratu mayina, komwe kumaoneka ngati chitetezo, kumalandanso munthu mphamvu yobweza chilolezo chake. Njira yabwinoko ndi kusunga kiyiyo mosamala, ndipo mitundu ina imasankha kuisunga yokha.

Zovuta zimene pangano silithetsa lokha

Funso loyamba ndi lakuti ndani akulankhulira mtundu. A Havasupai ali ndi khonsolo yosankhidwa, choncho pakhomo pake n'podziwika. Kwina kuli mabungwe awiri osagwirizana, kapena anthu ambiri a mtunduwo amakhala m'mizinda kumene khonsolo ilibe mphamvu. Makhonsolo amasinthanso pa zisankho, ndipo atsopano akhoza kukayikira zimene akale anavomera. Chothandiza ndi chigamulo cholembedwa cha khonsolo, osati mawu a mtsogoleri mmodzi, komanso kagulu ka alangizi kokhala ndi amayi, achinyamata, akuluakulu, ndi odwala matendawo, kamene kamakumana nthawi yonse ya kafukufuku. Alangiziwa azilipidwa. Nthawi yawo si yaulere pamene aliyense wa ku yunivesite ali pa malipiro.

Lachiwiri ndi kuwunika zolemba zisanafalitsidwe. Ofufuza ambiri amaopa kuti mtundu udzatsekereza zotsatira zimene sunazikonde. Mantha amenewa si opanda pake, koma amachepa ngati panganolo lanena bwino malire. Lipereke masiku owerengeka, mwachitsanzo 60, oti mtundu uwerenge. Linene zimene ungasinthe: kutchulidwa kapena kusatchulidwa dzina la mtundu, mawu onyoza, nzeru zopatulika zosayenera kutuluka, ndi kumasulira kolakwika kwa chikhalidwe. Manambala sasinthidwa. Pakakhala kusagwirizana pa tanthauzo lake, maganizo a mtundu alembedwe m'pepala momwemo. Nthawi zambiri kuwerenga kumeneku kumakonza sayansi, chifukwa eni dera amadziwa chifukwa chake manambala a chaka china anatsika, zimene mlendo sangazione. Nkhani ya a San ikusonyeza mtengo wolumpha sitepe imeneyi: pepala la majini la 2010, lomwe linaunika akuluakulu anayi a ku Namibia, linadzudzulidwa ndi atsogoleri awo chifukwa cha mawu amene anawaona onyoza komanso chifukwa mabungwe awo sanafunsidwe, ngakhale kuti akuluakuluwo payekhapayekha anavomera.

Lachitatu ndi lolimba kuposa onse. Opereka ndalama ndi magazini a sayansi masiku ano amafuna kuti uthenga wa majini uikidwe m'nkhokwe za pa intaneti kuti ofufuza ena augwiritse ntchito. Bungwe la boma la United States loona za kafukufuku wa zaumoyo, NIH, lili ndi lamulo lotero kuyambira 2015. Uthenga ukalowa m'nkhokwe yotere, zoletsa za pangano lanu zimadalira anthu amene sanafikepo ku mudziwo. Ichi ndi chimodzimodzi chimene chinachitika ku Supai, kungoti tsopano choyenda si kachubu koma fayilo. Mfundo za CARE, zomwe akatswiri a mitundu ya eni nthaka anazikonza ku Gaborone mu 2018, zinabwera kudzayankha zimenezi: kugawana uthenga kuyendere limodzi ndi phindu la mtundu ndi ulamuliro wake. Kukambirana n'kotheka. Mu 2019 mtundu wa Navajo unasaina pangano logawana uthenga wa kafukufuku wa ana obadwa m'dera lawo ndi pulogalamu ya NIH, ndipo uthenga wa majini unasiyidwa kunja. Chofunika n'chakuti wofufuza akambirane ndi wopereka ndalama asanasaine, apeze chilolezo cholembedwa chopatula uthengawo, ndipo auze khonsolo zoona zake. Kulonjeza mtundu kuti uthenga sudzatuluka, kwinaku mutalonjeza wopereka ndalama kuti udzatuluka, ndi kukwera pa mahatchi awiri.

Kutseka kafukufuku

Kafukufuku wa shuga wa ku Supai analibe tsiku lotsekera, n'chifukwa chake magazi anapitiriza ulendo. Pangano litchule tsiku limenelo. Likafika, zotsatira zikafotokozedwe kumudzi zisanapite ku msonkhano wa akatswiri, m'chilankhulo cha anthuwo, ngakhale zitakhala zakuti sitinapeze kanthu. Kusapeza kanthu nakonso ndi yankho, ndipo anthu amene anatambasula mkono ali ndi ufulu wolimva. Amene zoyeza zawo zasonyeza vuto la thanzi akhale atauzidwa kale payekha ndi kutumizidwa kuchipatala.

Kenako kaundula awerengedwe mzere ndi mzere. Labotale iliyonse imene inalandira masampulo ibweze otsala, kuphatikizapo DNA yochotsedwa, kapena ilembe kalata yotsimikiza kuti yawononga. Mtundu usankhe ngati ukufuna kulandira masampulowo kapena kuti awonongedwe nthumwi yake ikuona. Ngati ukuwalandira, labotale ikonze kanyamulidwe kotetezeka, chifukwa magazi ndi chinthu chimene chingafalitse matenda, ndipo ipereke malo ndi nthawi yoti anthu achite mwambo wawo popanda kuthamangitsidwa. Makope a uthenga a pa kompyuta za ophunzira afufutidwe, kope lalikulu liperekedwe kwa mtundu, ndipo mbali zonse ziwiri zisaine chikalata chotsekera chomwe chikutchula chiwerengero cha timachubu tobwezedwa, towonongedwa, ndi tosowa.